Kalata yotseguka kwa opanga zovala, omanga mabelo ndi opanga malamulo: lekani kutimangira nsanza m'belo la kaunjika

Kwa akuluakulu a makampani opanga zovala,
Kwa eni mafakitale osankha ndi kumanga mabelo a kaunjika,
Kwa nduna za zamalonda ndi zachilengedwe m'maiko otumiza ndi olandira kaunjika.

Olemekezeka,

Landirani moni wathu waulemu. Tikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ndipo mupeza mpata woiwerenga yonse. Amene tikukulemberani ndife anthu a kumapeto kwa ulendo wa chovala: otsegula mabelo, ogulitsa pa msika, matelala okonza zong'ambika, ochapa ndi kusita, komanso ogula amene ndalama zawo sizifika pa chovala cha m'sitolo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake tayamba ndife kulankhula. Talembera poyera kuti aliyense wovala kaunjika amve nawo, auzeko ndi anzake.

Tinene kaye mbali imene taima: kaunjika timamufuna. Chovala chimene chinasokedwa kale sichifunanso munda wa thonje, utoto kapena moto wa fakitale. Bungwe loteteza zachilengedwe la WWF limati tisheti imodzi ya thonje imadya malita 2,700 a madzi isanafike pa thupi la munthu. Bungwe la WRAP la ku Britain, lolimbikitsa kuchepetsa zinyalala, linawerengera kuti chovala chikavalidwa miyezi 9 yoonjezera, madzi, utsi ndi zinyalala zochokera pa chovalacho zimatsika ndi 20 mpaka 30 pa 100. Mayi wogulira mwana wake juzi yovalidwapo amachita zomwezo ngakhale sanamvepo za mabungwe amenewa, ndipo amazichita pa mtengo umene angauthe. Chatipweteka n'chakuti malonda amenewa akuonongekera m'manja mwanu, koma olipira kuonongekako ndife.

Dandaulo loyamba ndi belo lenilenilo. Belo la makilogalamu 45 kapena 55 limabwera lopanikizidwa ndi makina, lokutidwa ndi pulasitiki kapena chiguduli, lomangidwa ndi zingwe zachitsulo kapena zapulasitiki. Pamwamba pamalembedwa mawu awiri kapena atatu: mtundu wa zovala ndi giredi, basi. Wogula amapereka ndalama yonse asanadule chingwe, ndipo akadula palibe zobweza. Katundu wina aliyense munthu amayamba wamuona, kumugwira ndi kumutembenuza. Belo lokha ndi limene amagula atatsinzina, kawirikawiri ndi ndalama yangongole.

Tiwerengere limodzi. Tisheti ya munthu wamkulu imalemera magalamu 150 mpaka 200, choncho m'belo la makilogalamu 45 mumatuluka matisheti pafupifupi 250. Tiyerekeze kuti 100 mwa amenewa ndi obooka, othimbirira kapena otanuka khosi. Mtengo wa belo lonse umagwera pa 150 otsalawo, kutanthauza kuti tisheti iliyonse yogulitsika yakwera kale ndi magawo awiri mwa atatu, wogulitsa asanaikepo mayendedwe, malo a pa msika, sopo ndi phindu lake. Akakweza mtengo, wosauka uja amabwerera chimanjamanja. Akapanda kukweza, mabelo ochepa oterewa akatsatizana mpamba umatha, ngongole n'kutsala. Mawu akuti giredi nawonso sathandiza, chifukwa chimene fakitale ina imachitcha giredi yoyamba, ina imachitcha yachiwiri. Palibe muyezo umodzi umene omanga mabelo onse amatsatira.

Zimene zimaononga belo tikuzidziwa chimodzichimodzi. Chachikulu ndi chinyezi. Zovala zonyowa ndi mvula m'mabokosi otolera a m'mbali mwa misewu zikapanikizidwa zisanaume, n'kukhala masabata angapo m'kontena yotentha pa nyanja, nkhungu imayambira pakati pa belo n'kugwira ndi zovala zimene zinalowa zouma. Madontho akuda a nkhungu pa thonje sachoka ndi sopo wamba, ndipo pamene agwerapo ulusi umakhala utafooka kale. Chingwe chachitsulo chikachita dzimbiri chimadinda mzere pa zovala za m'mphepete. Lasitiki wokalamba amaphwanyikira m'kati: ukamukoka umamva kuthetheka, ndipo sabwerera m'malo. Majekete ndi zikwama za chikopa chabodza zimasupuka zikatha zaka zochepa, pamene soli za nsapato zina zimanyenyeka zokha ngakhale pamwamba pakuoneka patsopano. Palinso chikasu cha m'khwapa, chobwera thukuta likasakanikirana ndi mankhwala oletsa thukuta, ndi jinzi yoperepeseka pakati pa ntchafu. Kenako pali zovala zabwinobwino koma zopanda wogula: matisheti osindikizidwa dzina la mpikisano wothamanga kapena msonkhano wa kampani, opangidwira tsiku limodzi, ndi majekete a m'chisanu cha chipale otumizidwa ku maiko otentha chaka chonse.

Wosankha wodziwa ntchito yake satha theka la mphindi kuti aone zonsezi. Amakweza chovala pa kuwala kuti aone timabowo, amayang'ana kolala, m'khwapa ndi pakati pa miyendo, amakweza zipi ndi kuitsitsa, amakoka lasitiki, amanunkhiza. Nsanza zikapezeka m'belo ndiye kuti wosankhayo wapatsidwa mulu woposa umene manja ake angathe pa tsiku, kapena mwini fakitale wawerengera kuti kutaya chovala kwawoko kumafuna ndalama, pamene kuchilowetsa m'belo kumabweretsa ndalama. Masamu amenewa ndiwo gwero la nkhani yonseyi.

Dandaulo lachiwiri likupita kwa inu opanga zovala zatsopano. Lipoti la bungwe la Ellen MacArthur Foundation la 2017 linaonetsa kuti kuchokera mu 2000 kufika mu 2015 zovala zopangidwa pa dziko lonse zinachuluka kuwirikiza kawiri, pamene nthawi zimene chovala chimavalidwa chisanatayidwe zinatsika ndi 36 pa 100. Linatinso nsalu zimene zimasandutsidwa zovala zatsopano sizifika n'komwe 1 pa 100. Nanga zotsalazo zimapita kuti? Bungwe la European Environment Agency linapeza kuti zovala zakale zochoka m'maiko a European Union zinakwera kuchoka pa matani pafupifupi 550,000 mu 2000 kufika pafupifupi 1.7 miliyoni mu 2019, ndipo 46 pa 100 zinapita ku Africa, 41 pa 100 ku Asia. Mulu ukukula, koma zabwino za m'mulumo zikuchepa, pakuti zapamwamba zimayamba zachotsedwa: eni ake amazigulitsa pa intaneti, zina zimatsala m'masitolo a mabungwe achifundo, zina osankha amazipatula kuti zigulitsidwe kufupi.

Telala amaona kusinthaku ndi zala zake. Kuti akulitse thalauza kapena diresi amafuna nsalu yotsala m'kati mwa msoko, sentimita imodzi ndi theka kapena kuposa. Zovala zambiri za masiku ano zimadulidwa ndi kupendedwa pa msoko penipeni, moti msoko ukaphulika palibe pogwira singano. Mabatani oonjezera anasiya kusokeredwa m'kati. Zipi zapulasitiki zopyapyala zimatha mano chovala chikadali chatsopano. Kalebulo kosonyeza mtundu wa ulusi kamafufutika pa kuchapa kochepa, ndiye wochapa sadziwa ngati chovala chipirira madzi otentha, wosita sadziwa moto woika. Choposa theka la ulusi wonse wopangidwa pa dziko lero ndi poliyesita, yemwe ndi pulasitiki. Akasakanizidwa ndi thonje ndi ulusi wotanuka m'nsalu imodzi, kumulekanitsa n'kovuta ndiponso kodula, choncho ngakhale mafakitale ogaya nsanza, monga a ku Panipat ku India kapena ku Prato ku Italy, amasankha zimene angalandire. Chovala chotere chimabadwa chili kale pa njira ya kudzala.

Dandaulo lachitatu ndi la kumene zinyalalazo zimathera. Ku msika wa Kantamanto mu mzinda wa Accra ku Ghana, kumene anthu pafupifupi 30,000 amapezera chakudya, bungwe la The Or Foundation limati kumafika zovala pafupifupi 15 miliyoni pa sabata, ndipo 40 pa 100 zimatuluka mu msikamo ngati zinyalala. Bungwe la amalonda oitanitsa kaunjika m'dzikolo limatsutsa, limati zinyalala ndi 5 pa 100.  Koma zina sizifuna sikelo. Dzala la Kpone, limene linkalandira zinyalala za mzindawo, linadzaza nthawi yake isanakwane ndipo linayaka moto mu Ogasiti 2019. Nsalu zopiringizana zimatseka ngalande, zimakathera m'nyanja, asodzi n'kumazikoka m'maukonde. Kumayambiriro kwa Januwale 2025 moto unapsereza gawo lalikulu la msika wa Kantamanto, anthu zikwizikwi n'kutaya katundu yense usiku umodzi. Ku Chile, zovala zolowera pa doko la Iquique zimene zakanika kugulitsidwa zaunjikana m'chipululu cha Atacama kufupi ndi Alto Hospicio, ndipo zina zimatenthedwa, anthu oyandikana nawo n'kumapuma utsi wa pulasitiki.

Apa pali chinthu chaching'ono chimene a kasitomu amachidziwa bwino. M'ndandanda wa katundu umene maiko onse amagwiritsa ntchito, zovala zovalidwapo zili pa nambala 6309, nsanza zili pa 6310. Kontena ya mafiti 40 imanyamula mabelo oposa 500 a makilogalamu 45, ndipo onsewo amalembedwa 6309 ngakhale m'katimo muli nsanza zochuluka bwanji. Zotsatira zake, zinyalala zimaoloka malire zitavala dzina la zovala, ndipo woitanitsa amalipira msonkho pa makilogalamu amene sadzagulitsa. Msonkhowo amaukankhira kwa wogula belo, wogula belo kwa wogula tisheti.

Dandaulo lachinayi ndi la ndalama. Dziko la France linakhazikitsa mu 2007 lamulo loti wopanga kapena woitanitsa chovala azilipira kandalama kothandizira kutolera ndi kusankha chovalacho chikatha ntchito, ndipo ndalamazo zimayendetsedwa ndi bungwe la Refashion. Kuyambira mu Novembala 2023, munthu wa ku France akapita kukakonzetsa chovala kapena nsapato kwa mmisiri wovomerezeka amachotseredwa mayuro 6 mpaka 25 pa mtengo. Maiko a European Union anayamba pa 1 Januwale 2025 kukakamizidwa kutolera nsalu padera ndi zinyalala zina, ndipo lamulo lawo lokonzedwanso mu 2025 likufuna kuti dziko lililonse likhale ndi dongosolo longa la France komanso kuti zovala zizisankhidwa zisanatumizidwe kunja. Izi n'zoyamikika, ndipo tikuyamika. Koma ndalamazo zikutsalira kumene chovala chinagulidwa koyamba, pamene chovalacho chikukafera kwina. Amene akuchichapa, kuchisoka, kuchidaya ndi kuchikwirira akugwira ntchito imene ndalamazo zinatoleredwera, popanda kulandirapo kanthu. Tikuopanso china: kutolera kukachuluka koma osankha osachuluka, zotsika zidzachuluka m'belo. Ndipo lamulo loletsa makampani akuluakulu a ku European Union kuononga zovala zosagulidwa, kuyambira pa 19 Julaye 2026, lisasanduke khomo lotulutsira zimene zakanika m'masitolo kuti zikatayidwe kutali.

Dandaulo lachisanu likupita kwa maboma olandira, amene mukatopa ndi nkhaniyi mumathamangira ku chiletso. Mu 2016 maiko a East African Community anagwirizana zothetsa kuitanitsa kaunjika pofika 2019. Rwanda inakweza msonkho kuchoka pa masenti 20 a dola ya America kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu. Bungwe la SMART, la amalonda a zovala zakale ku America, linadandaula ku boma lawo mu 2017. Kenya, Tanzania ndi Uganda anabwerera m'mbuyo, ndipo mu 2018 Rwanda inalandidwa mwayi wotumiza zovala ku America popanda msonkho pansi pa AGOA, lamulo la America lopereka mwayi umenewu kwa maiko a mu Africa. Mu Ogasiti 2023 Pulezidenti Yoweri Museveni analengezanso chiletso ku Uganda. Cholinga chodzutsa mafakitale a nsalu tikuchimvetsa ndipo tikuchilemekeza. Chimene sitikugwirizana nacho ndi kuyambira pa chiletso fakitale isanamangidwe. Kaunjika akasowa, wosauka sapita kukagula nsalu ya m'dziko imene kulibe kapena imene sangaithe. Amagula chatsopano chotchipitsitsa cha poliyesita chochokera kunja, chimene chimatha msanga kuposa kaunjika wabwino, kapena amagula kaunjika yemweyo wozembetsedwa, wokwera mtengo, amene boma silinapezepo msonkho. Ndipo inu maboma otumiza, nkhani ya Rwanda inaonetsa kuti mumatha kugwiritsa ntchito mphamvu zanu kuteteza otumiza mabelo. Mphamvu zomwezo mungathe kuzigwiritsa ntchito kuyang'ana zimene akuika m'mabelomo.

Tisaiwale msana wa wonyamula. Mu 1967 bungwe la International Labour Organization linalangiza kuti mwamuna wamkulu asanyamule yekha katundu woposa makilogalamu 55, ndipo kwa amayi ndi achinyamata mulingo ukhale wotsika kwambiri. Ku Kantamanto mabelo a makilogalamu 55 amasenzedwa pamutu ndi amayi ndi atsikana, m'tinjira tothina mosadutsa ngolo. Belo linapangidwa kukula choncho poganizira makina onyamulira a m'nyumba zosungira katundu, wopanga sanaganizire khosi la munthu.

Pa zifukwa zimenezi, tikupempha izi:

1. Belo lililonse likhale ndi lebulo yosafufutika yonena dzina la fakitale yomanga, dziko limene zovala zinatoleredwa, tsiku lomangira, kulemera, chiwerengero cha zovala, mtundu wake, masaizi ndi nyengo yovalira. Lebuloyo ikhale ndi nambala yolondolera belo kubwerera kwa amene analimanga.

2. Pakhale tanthauzo limodzi la giredi, lolembedwa ndi mabungwe a miyezo pamodzi ndi ogulitsa a pa msika. Ife tikuti chovala cha m'belo la giredi yoyamba chikhale chouma, chopanda bowo, nkhungu kapena banga losachoka, zipi ndi lasitiki zikugwira ntchito, choti munthu angachape n'kuvala popanda kupita kwa telala. Giredi yachiwiri ikhale ya zofuna kukonza pang'ono, monga batani, mpendero kapena msoko waufupi. Chilichonse chotsika kuposa apa ndi nsanza, chilembedwe 6310 ndipo chisalowe m'belo la zovala.

3. Belo likatsegulidwa pamaso pa mboni n'kupezeka kuti zosagulitsika zapitirira 10 pa 100 pa kulemera kwake, wogula abwezeredwe ndalama ya gawo limenelo. Woitanitsa abweze kwa wogula, iye akatenge kwa wotumiza. Popanda ichi, pempho loyamba ndi lachiwiri zidzangokhala zolembedwa pa pepala.

4. A kasitomu ndi a miyezo azitsegula mabelo angapo osankhidwa mwachisawawa pa kontena, ku doko lotumizira ndi ku doko lolandirira, aziyeza chinyezi ndi gawo la nsanza, ndipo zotsatira zizilengezedwa poyera chaka ndi chaka. Wotumiza wopezeka wolakwa mobwerezabwereza alandidwe chiphaso. Mu 2024 France, Denmark ndi Sweden anapempha kuti zinyalala za nsalu ziziyang'aniridwa pansi pa Pangano la Basel, loyendetsa katumizidwe ka zinyalala pakati pa maiko, kuti dziko lolandira lizidziwitsidwa ndi kuvomera kaye. Tikugwirizana nazo, bola malamulowo asiyanitse bwino nsanza ndi zovala zovalika, kuti kaunjika wabwino asatsekeredwe limodzi.

5. Ndalama zimene opanga zovala amalipira zizitsatira chovala kumene chapita. Ngati gawo lalikulu la zotoleredwa likutumizidwa kunja, gawo lolingana la ndalamazo lipite ku mizinda yolandira, ndipo ligwire ntchito zooneka: magalimoto otola nsalu pa misika, malo osankhirapo, madzi ndi zozimitsira moto, njira zodutsa ngolo, ndi maphunziro a matelala. The Or Foundation inapempha kuti kandalamako kasachepere masenti 50 a dola pa chovala chatsopano chilichonse. Kakwere pa chovala chosakanizidwa ulusi ndi chovuta kukonza, katsike pa cholimba. M'makomiti ogawa ndalamazo mukhale oimira ogulitsa, onyamula ndi matelala, okhala ndi mphamvu yovota.

6. Makampani opanga zovala alengeze chiwerengero cha zovala zimene apanga pa chaka ndi zimene zatsala zosagulidwa. Asiye nsalu yokwanira m'misoko, abwezeretse mabatani oonjezera, ndipo kalebulo ka ulusi kakhale kolukidwa kuti kakhalepo mpaka chovala chitatha.

7. Mabelo opita ku misika kumene katundu amanyamulidwa ndi anthu asapitirire makilogalamu 25.

8. Maboma olandira, musanalengeze chiletso kapena kukweza msonkho, khalani pansi ndi amalonda ndi ogula, ndipo onetsani fakitale imene idzaveke anthu, kuchuluka kwa zimene ingapange ndi mtengo wake. Chotsani msonkho pa makina osokera, zipi, ulusi ndi singano. Nkhawa ya zaumoyo ili ndi yankho lake: letsani zovala zam'kati zovalidwapo, monga Ghana inachitira mu 1994, ndipo phunzitsani ogula kuti chovala chimene nsalu yake ingapirire achichape m'madzi a madigiri 60, amene amapha nsabwe, nsikidzi ndi tizilombo ta mphere, china achiyanike pa dzuwa n'kuchisita mbali zonse, makamaka m'misoko.

Pempho loyamba, lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri silifuna kudikira nyumba ya malamulo kapena msonkhano wa maiko. Mwini fakitale aliyense angayambe pa kontena imene akumanga mwezi uno, ndipo woitanitsa aliyense angazilembe m'pangano lake lotsatira. Tikupempha kuti yankho lanu libwere poyera monga tachitira ife, mutchule mapempho amene mwawavomera, tsiku loyambira, ndi chifukwa chokanira amene mwawakana.

Ndife anu,
Otsegula mabelo, ogulitsa, onyamula, matelala ndi ogula kaunjika